Nkhumba Zimene Pulogalamu Yanga Inazitcha Thonje

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni kwa nonse amene mumawelenga zimene ndimalemba pano, kaya muli ku Petauke kuno, ku Nyimba kapena kutali. Dzina langa ndine Ida Daka. Papita nthawi ndisanalembe kanthu, ndipo ena mwa inu munatumiza mauthenga kufunsa ngati ndikudwala. Sindinadwale ayi. Ndinachotsedwa nchito chifukwa cha cholakwa chimene ndinachita ndi manja angawa, cholakwa chimene chinapweteka anthu amene sanandilakwile kanthu, ndipo manyazi ananditseka pakamwa miyezi itatu. Lelo ndafuna ndikuuzeni mmene ndinagwela, ndi mmene Mulungu anandidzutsila kudzela mwa munthu amene ndinkamuopa kuposa onse.

Nchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni. Ku yunivesite sindinapondeko. Ndinayamba ngati kalaliki wolowetsa mafomu mu kompyuta pa bungwe lina lothandiza alimi, ndipo kulemba mapulogalamu ndinaphunzila ndekha, pang'onopang'ono, nthawi ya masana anzanga akatuluka kukadya. Patapita zaka, a Zulu, amene ndi mkulu wa ofesi yathu, anandikhulupilila nkundipatsa nchito yopanga pulogalamu ya pa foni yoti alangizi a kumidzi azitumizila malipoti. Mlangizi akaona vuto m'munda amasankha mbewu pa mndandanda, amalemba mawu ochepa, uthenga nkufika ku ofesi tsiku lomwelo. Pulogalamuyo inayenda bwino chaka chathunthu. Anthu anayamba kunditama, ndipo ine ndinayamba kudzimva. Ndinasiya kufunsa, chifukwa ndinkaganiza kuti ndikafunsa anthu adzakumbukila kuti ndilibe pepala la sukulu yaikulu.

Kuti mumvetse pamene ndinapunthwa, mundilole ndifotokoze kanthu kamodzi ka pa nchito yathu. Tili ndi chinthu chimene timachitcha enamu. Enamu ndi mndandanda wotsekeka wa zinthu zimene munthu angasankhe, ndipo mndandandawo uli ndi dzina lake. Wanga woyamba unali Mbewu, ndipo munali chimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Dzina lakuti Mbewu ndiwo mtundu. Chimanga kapena thonje ndi chosankhidwa chimodzi chabe cha mu mtunduwo. Kompyuta payokha sisunga mainawo, imasunga nambala, ndipo imayamba kuwelenga pa zilo, osati pa 1. Chotelo chimanga chinali zilo, nshawa 1, thonje 2, mpendadzuwa 3.

Mkati mwa mvula, a Zulu anandiuza kuti ndiwonjezele ziweto, ndipo ankafuna zithe pofika Lachisanu. Ndinalemba enamu yachiwili, Ziweto: ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku. Nayonso inatenga nambala zake kuyambila pa zilo, motelo nkhumba inakhala 2.

M'malo molemba chosankhila chachiwili, ndinafuna kuonetsa luso. Ndinati ndilembe chida chimodzi chotha kugwila mndandanda uliwonse. Kalembedwe kotele timakatcha jeneliki. Umalemba chida kamodzi, nkusiya mpata pamene uzichiuza mtundu wa zinthu zimene chinyamule. Pa mpatawo ndinayenela kulembapo Mbewu. Ine ndinalembapo chimanga, chifukwa ndinkafuna kuti chimanga chiziyamba kuoneka mlangizi akatsegula foni. Chinenelo cha kompyuta chimene ndimalembela chimalola zimenezi, koma tanthauzo lake nlakuti chidacho chilandile chimanga chokha basi. Ine sindinadziwe.

Pali pulogalamu ina imene imayang'ana zimene talemba tisanazitumize kwa anthu, timaitcha kompaila. Ikaona cholakwika imajambula mizele yofiila. Tsiku limenelo mizele yofiila inadzaza. Inali kudandaula kuti thonje si chimanga, nshawa si chimanga, nkhumba si chimanga. Ndinakwiya nkunena mumtima kuti ndani sadziwa kuti nkhumba si chimanga. Lachisanu linali litafika, ndipo ndinkadziwa liwu limodzi limene ukalilemba, kompaila imalola chilichonse osafunsanso. Ndinalilemba. Mizele yonse inazimilila. Ndinayesa kutumiza chimanga ndi thonje, zinafika bwino, ndipo ndinauza a Zulu kuti nchito yatha. Ziweto ndinangoona kuti zikuoneka pa foni, koma sindinayese kuona mmene zikufikila ku ofesi.

Patapita milungu iwili, a Sakala, mlangizi wathu wa ku Sandwe, anatumiza uthenga. Pa foni yawo anasankha nkhumba, nalemba kuti, "Zikufa zambili, bwelani msanga." Foni inatumiza nambala 2. Ku ofesi, mbali ya pulogalamu imene imasandutsa nambala kukhala dzina inali ikuwelengabe pa mndandanda wa Mbewu wokha, ndipo kompaila imene ikanakana ndinali nditaitseka pakamwa. Pa kompyuta ya mu ofesi panatuluka kuti thonje.

Amene anawelenga uthengawo ndi amai Mwanza, mlangizi wamkulu wa za mbewu, mai wachikulile wosalankhula zambili, amene tonse tinkawaopa chifukwa cholakwa sichinkawadutsa. Anayesa kuimba foni kwa a Sakala koma sinalowe, monga zimakhalila kumeneko. Anakonza mipope yopopela ndi mankhwala a thonje. Msewu wa ku Sandwe nthawi ya mvula amene mumaudziwa mukudziwa. Anadikila kuti madzi aphwe pa mitsinje, anatitimila m'matope, ndipo anafika patapita masiku asanu ndi limodzi. Anapeza thonje lili lobiliwila. Zimene zinali kufa zinali nkhumba, ndi matenda a chigodola, ndipo m'galimoto munalibe dokotala wa ziweto.

Chigodola chilibe mankhwala, zimenezo ndikudziwa. Koma tikanadziwa tsiku loyamba, akanapita a ziweto kukauza anthu kuti atsekele nkhumba m'makola, akwilile zakufa, nyama isayende. M'masiku amene anatayikawo anthu anapha zimene zinayamba kudwala nkugawana nyama ndi abale a m'midzi yoyandikana, ndipo matenda anayenda ndi nyamayo.

Chimene chimandiwawa kwambili si liwu limene ndinalemba lija, koma zimene ndinanena pa msonkhano wa mu ofesi nkhaniyi itadziwika. A Zulu atandifunsa pamaso pa onse, ndinayankha kuti, "Pulogalamu ili bwino, bambo. Mwina a Sakala ndiwo anasankha molakwika." Ndinanena zimenezi ndikudziwa mumtima kuti pali chimene ndinabisa. A Sakala sanalipo kuti adziyankhile. Patapita masiku anabwela okha ku Petauke ndi foni yawo, ndipo uthenga unali momwemo, nkhumba, monga anasankhila. A Zulu anandiitana nati, "A Daka, kulakwitsa ningamvetse. Koma kunamizila munthu wosalakwa, apa sitingapitilize." Potuluka ndinakumana ndi amai Mwanza pakhomo. Anangondiyang'ana, ndipo ine ndinayang'ana pansi.

Ndinanyamula katundu kupita ku Kacholola kwa mkulu wanga Agnesi, amene amagulitsa nthochi ndi mbatata m'mbali mwa msewu waukulu. Anandilandila osafunsa zambili. Laputopu ndinaiika pansi pa bedi ndipo sindinaitsegule. M'mawa ndinkamuthandiza kuyala malonda, koma basi yochokela kum'mawa ikaima ndinkathawila kuseli kwa mashopu, kuopa kuti mungakhale munthu wa ku Petauke wondidziwa. Ndikamva nkhumba ikulila kwa aneba, chakudya chinkandikanika. Ndinayamba kukhulupilila kuti nchito imeneyi sinali yanga kuyambila pachiyambi, kuti ndinali kalaliki wovala malaya a eni, ndipo tsopano aliyense waona.

Kupemphela ndinkapemphela, koma pemphelo langa linali limodzi tsiku lililonse: Ambuye, ndibwezeleni nchito. Kumwamba kunali zii. Agnesi ankandiona ndikuonda. Tsiku lina tikusenda mbatata anati, "Iwe Ida, ukulila nchito kapena ukulila zimene unachita? Ni vinthu viwili ivo." Ndinamukwiyila tsiku lonse, chifukwa ananena zoona.

Sondo yotsatila, mapemphelo atatha, ndinatsala ndekha m'tchalitchi anthu akupatsana moni panja. Ndinagwada pakati pa mabenchi, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinatchule nchito. Ndinati, Ambuye, ndinatseka pakamwa chimene chinkandichenjeza, ndipo ndinanamizila kapolo wanu. Mpaka lelo sindikumvetsa kuti chenjezolo linkanena chiyani, ndipo ndikuopa kuyang'ana. Ndionetseni pamene ndinalakwa, ndipo mundipatse mtima wokapepesa. Sindinamve liwu lililonse. Ndinangodzuka mtima utapepuka pang'ono, ndipo tsiku limenelo ndinadya.

Panapita milungu iwili. Loweluka lina chakumasana basi inaima, ndipo ndisanathawe ndinaona amai Mwanza akutsika, atanyamula chikwama cha mapepala. Ndinaganiza kuti abwela kudzandiuza kuti nkhani yapita patali.

"Muli tyani kuno?" anatelo kwa Agnesi, kenako anatembenukila kwa ine. "Iwe, nakufunafuna. Foni yako siyankha. Tenga makina ako, tikhale pamthunzi."

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa malonda. Anandiuza kuti ofesi inabwelela ku mafomu a pepala, ndipo lipoti la ku Sandwe kapena ku Luembe tsopano limatenga milungu kuti lifike. Kenako ananena chimene sindinayembekezele. Anati nawonso sagona bwino. "A Sakala analemba kuti zikufa. Thonje timati likufa. Ine mai wamkulu, chinenelo changa chomwe, ninawelenga kakhumi osaona. Ninakhulupilila makina kuposa mawu a munthu. Manje usaganize kuti katundu uyu ni wako wekha."

Ndinalila pamenepo, anthu akudutsa. Iwo anadikila mpaka ndinatonthola, kenako anati ndiwaonetse chimene chinachitika, pang'onopang'ono, ngati ndikuuza munthu wa kumunda.

Ndinatsegula laputopu. Ndinawafotokozela za mndandanda wa Mbewu ndi wa Ziweto, za nambala, ndi za chida chimodzi chija chokhala ndi mpata. Ndinawaonetsa pamene ndinalemba chimanga, ndi kunena kuti kompaila inayamba kudandaula zopanda nzelu, zakuti thonje si chimanga. Amai Mwanza sadziwa kulemba pulogalamu, ngakhale foni yawo ndi ya mabatani. Koma anatulutsa fomu imodzi m'chikwama nkuiyala pa bondo.

"Ona," anatelo. "Pamwamba apa pali funso: mbewu yanji? Pansi apa pali mayankho anai. Chida chako pa mpata paja chinafuna kudziwa kuti funso ni liti. Iwe unachipatsa yankho. Manje ukauza kalaliki kuti fomu iyi ni ya chimanga, wina nkubwela na thonje, si azamubweza? Makina sanapenge. Anachita zimene unawauza."

Anatulutsa fomu yachiwili, ya ziweto, nkuiika pambali pa yoyamba. Analoza bokosi lachitatu pa iyi, ndi lachitatu pa inayo. "Ndipo munthu akanibweletsela kapepala kolembedwa nambala chabe, nizamufunsa kuti ni ya fomu iti. Yankho lopanda funso lake silinena kanthu."

Abale, ndinawelenga zambili pa intaneti za zinthu zimenezi, koma sindinazione bwino monga tsiku limenelo pa bondo la mai uja. Mtundu ndi funso pamodzi ndi mayankho onse ololedwa. Chosankhidwa ndi yankho limodzi. Chida cha jeneliki chimafuna mtundu, kuti chidziwe malile a zimene chingalandile ndi mndandanda umene chikawelengemo maina. Chosankhidwa chili ndi malo ake ena, monga pamene ukunena chimene chiyambe kuoneka. Ine ndinasakaniza ziwilizi, ndipo pamene ndinachenjezedwa ndinasankha kuthetsa chenjezo m'malo mothetsa vuto.

Batile linali litatsala pang'ono, choncho tinapita kukapempha magetsi pa shopu yometela tsitsi, ndipo amai Mwanza anakhala pa benchi pakati pa azibambo odikila kumetedwa, chikwama chili pa miyendo. Ndinafufuta liwu lija. Mizele yofiila yonse inabwelela. Pamene chida chija chinkagwila mbewu, pa mpata paja ndinachotsa chimanga nkulemba Mbewu. Pamene chinkagwila ziweto ndinalembapo Ziweto. Mizele inayamba kuchoka umodzi umodzi mpaka unatsala umodzi wokha. Nditauyang'ana, unali pa malo enieni pamene nambala ya chiweto inkalowa kukafuna dzina pa mndandanda wa mbewu. Chenjezo loona linalipo kuyambila tsiku loyamba, litakwililika pakati pa ena amene ndinawayambitsa ndekha. Ndikanangolemba mtundu pamalo pake, likanatsala lokha poyela, ndipo a Sakala akanamveka.

Ndinakonza kuti chida chizilandila mndandanda wa mtundu wake, ndiponso kuti uthenga uliwonse uzinyamula dzina la mtundu pamodzi ndi nambala. Amai Mwanza anandiuza kuti ndiyese chinthu chilichonse cha pa mafomu awiliwo, chimodzi chimodzi, iwo akuchonga ndi bolopeni. Titafika pa nkhumba, panatuluka nkhumba. Anangogwedeza mutu nati, "Izi zinali zopepuka. Zovuta zili kutsogolo. Lolemba tipita kwa a Zulu, ukanene wekha zonse. Tikachoka apo, ku Sandwe."

Kwa a Zulu ndinanena zonse, osasiya kanthu, ngakhale za liwu limene ndinabisa nalo machenjezo. Anamvetsela mpaka kumapeto. Sanandibwezele nchito tsiku lomwelo. Anati aganize, ndipo patapita masiku anandiitana kuti ndibwelele moyesedwa, ndi lamulo lakuti chilichonse chimene ndalemba chizionedwa ndi munthu wina wodziwa nchitoyi chisanapite kwa alangizi. Kale lamulo lotele likanandinyoza. Tsopano ndinalilandila ndi manja awili.

Ku Sandwe tinapita mvula itatha, msewu utauma. Ulendo wonse ndinali kubweleza mumtima mawu oti ndikanene, koma nditaona a Sakala ataima pafupi ndi njinga yawo, onse anathawa. Ndinangogwada nkuti, "Bambo, ndinakunamizilani. Mundikhululukile." Iwo anandiuza kuti milungu ija anthu a m'mudzi ankawanena kuti ndiwo anachedwetsa thandizo, ndipo ena anasiya kuwapatsa moni. Anati akhululuka, koma andipempha chinthu chimodzi, kuti ndikanene zimenezi pamaso pa alimiwo.

Anasonkhana pabwalo la sukulu, ndipo ndinaimilila nkunena kuti a Sakala anatumiza uthenga woona pa nthawi yake, kuti wolakwa ndine. Ena anang'ung'udza, bambo wina anachoka osamaliza kumva, ndipo sindimudzudzula. Pamapeto mai wina wamasiye, amai Mumba, amene khola lawo lonse linatha, anandiyandikila. Ndinakonzeka kulandila chilichonse.

"Nkhumba zanga sizizabwela," anatelo. "Koma ife anatiuza kuti makina ndiwo analakwa, ndipo ninali kudandaula kuti nizakhululukila bwanji makina. Manje naona munthu. Munthu ningamukhululukile."

Anandigwila dzanja.

Lelo ndili pa nchito, ndipo malipoti a alangizi akufikanso tsiku lomwelo. Sindinganene kuti zonse zinabwelela mwakale. Makola a ku Sandwe akudzala pang'onopang'ono, ndipo pali anthu kumeneko amene mpaka lelo dzina langa silimveka bwino m'makutu mwawo. Zimenezo ndimazinyamula, ndipo zimandipangitsa kugwila nchito mosamala kuposa kale. Koma ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphelo langa loyamba, chifukwa akanandibwezela nchito nthawi imeneyo ndikanabwelela ndi bodza langa lili m'thumba. Ndikuthokoza amai Mwanza amene anakwela basi ulendo wonse uja kufunafuna munthu amene anawayendetsa m'matope pachabe, ndi Agnesi amene anandidyetsa ndi kundiuza zoona, ndi a Sakala amene anali ndi chifukwa chokwanila chondikana.

Kwa inu anzanga a nchito ya makompyuta, makamaka amene munaphunzila nokha monga ine, kufunsa sikuchotsa ulemu. Ndipo kwa iwe amene ukuwelenga uli kwa m'bale wako, foni utazimitsa chifukwa cha chimene unachita, sindikulonjeza kuti zimene zinaonongeka zidzabwelela. Zina sizibwelela. Koma usaleke kupemphela, ndipo ukapeza mphamvu usinthe pempho lako, umuuze Mulungu chinthucho ndi dzina lake lenileni. Iye sanyansidwa ndi munthu wobwela ndi zoona. Yatsa foni yako, mwina pali amene akukufunafuna. Ambuye akusungeni nonse. Amen.